Kodi mmene injini yakhalira mu motoka zimadyetsa mphamvu? Mafunso ndi mayankho

Mkangano uwu sutha pamagaraji a mu Lusaka, kuyambira ku Kalingalinga mpaka ku Matero, makamaka wina akabwera ndi Subaru kapena akafuna kuika injini ya motoka ina mu motoka yake. Ena ati injini yogona imatha msanga, ena ati yopingasa ndiye yosamwa petulo, ena ati zonse ndi chimodzimodzi bola oilo alimo. Pali zoona mbali zonse koma zasakanikirana maningi, ndiye tiyeni tizipatule.

Tikakamba za mmene injini yakhalira tikutanthauza chani kwenikweni?

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziika m'thumba limodzi. Choyamba ndi komwe kilankishafuti, shafuti yaikulu ya injini yomwe mapisitoni amazunguza, yaloza mu motoka. Mukatsegula boneti ya Corolla, Vitz, Allion olo Spacio mupeza injini yagona chopingasa, malamba ali mbali ya tayala limodzi giyabokosi ili mbali ya tayala linalo. Mu Hilux, Land Cruiser, Mark X ndi Hiace injini ili mulitali, malamba kutsogolo, giyabokosi kumbuyo, kenako pulopushafuti, shafuti yaitali yopita ku difu, magiya aja amagawa mphamvu ku matayala.

Chachiwiri ndi komwe masilinda aloza. Ambiri ndi oimirira pamzere umodzi. Ena apanga V. A Subaru ndi a Volkswagen Beetle yakale ija ndi ogoneratu, awiri uku awiri uku. Palinso opendekeka, monga Peugeot 504 yomwe injini yake anaipendeketsa madigiri 45 kuti boneti itsike, ndi Toyota Estima yoyamba ya 1990 yomwe injini yake ya 2TZ anaigoneka madigiri 75 pansi pa mipando yakutsogolo, kutsala pang'ono kugoneratu. Motoka itha kukhala ndi injini yamulitali koma yogona ngati Forester, olo yopingasa koma ya V6 ngati Harrier ndi Alphard zina. Ndiye munthu akafunsa, muyambe mwamufunsa kuti akukamba ziti pa ziwirizi.

Mphamvu imatayikira pati mkati mwa injini?

Yambiri imathawa ngati kutentha, ku ekizozi ndi ku radieta, imeneyo ndi nkhani ina. Yomwe tikukamba pano ndi ija imathera pa kukhulana kwa zitsulo ndi kukoka oilo. Mbali yaikulu, pafupifupi theka, ili pa mapisitoni ndi maring'i ake pokwera ndi kutsika mu silinda. Kenako mabering'i a kilankishafuti ndi a makonirodi (zitsulo zolumikiza mapisitoni ku kilankishafuti), kenako makamushafuti ndi mavavu, kenako pampu ya oilo, pampu ya madzi, olutaneta ndi zina zonse zoyendera lamba.

Chofunika kudziwa n'chakuti kukhulana kumeneku sikuchepa kwambiri mukachotsa phazi pa mafuta. Mukaima pa jamu ya Lumumba Road injini ikulira chabe, petulo yense amene akupsa nthawi imeneyo akuthera kuzunguza injini yokhayo, kukoka mpweya ndi kuyendetsa eyakoni, palibe olo dontho lomwe lafika ku matayala.

Pisitoni ikagona chammbali ngati mu Subaru, si ndiye kuti kulemera kwake kumadya pansi pa silinda?

Ili ndiye funso lomwe ba mudala ambiri amaumirira ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, m'maganizo zimaoneka zoona, chinthu chogona chiyenera kudya pansi. Koma tiyeni tiwerengere ndi injini yomwe tonse tiidziwa, 1NZ ya 1.5 ija ili mu Corolla, IST ndi Sienta. Silinda yake ndi mamilimita 75 m'mimba mwake, ndiye pamwamba pa pisitoni pali malo okwana masikweya sentimita 44. Petulo akaphulika muli pa mafuta onse mphamvu ya mpweya imafika mabaa 50 ndi kupitirira (baa imodzi ndi pafupifupi kilo imodzi pa sikweya sentimita), mukachulukitsa mupeza kuti pisitoni ikukankhidwa ndi katundu woposa matani awiri. Pisitoni yokhayo siikwana olo theka la kilo. Manje yerekezani theka la kilo ndi matani awiri.

Sizithera pamenepo. Pisitoni imaima ndi kubwerera kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo pa 1NZ imayenda mamilimita 84.7 ulendo umodzi. Pa 3000 rpm chabe, kutanthauza kuzungulira ka 3000 pa mphindi, liwiro loyendera bwinobwino pa Great East Road, mphamvu yofunika kuiimitsa ndi kuibweza pamwamba paja imaposa kulemera kwake ka 400, ndipo mukafika 6000 rpm imachuluka kanayi. Kukoka kwa dziko ndi kamodzi kokha basi. Kamodzi pakati pa mazanamazana sikangasinthe kukhulana mpaka inu kukuona pa geji ya petulo.

Chomwe chimakanikiza pisitoni kukhoma la silinda ndi konirodi. Pisitoni ikamatsika konirodi imakhala yopendama chifukwa kilanki yapita pambali, ndiye gawo la matani awiri aja limatembenuka n'kukankha chammbali. Izi zimachitika injini ikhale yoimirira, yogona olo yozondoka. Ndipo pa injini yogona pali umboni wabwino kwambiri, chifukwa kilanki imazungulira mbali imodzi, masilinda a mbali ina amakanikizidwa pansi pomwe a mbali inayo amakanikizidwa pamwamba. Kukanakhala kuti kulemera ndiko kumalamulira, onse anayi akanadyeka pansi. Ba mekaniki amene ali ndi geji yoyezera mkati mwa silinda atha kuyeza okha, kudyeka kwakukulu amakupeza kumtunda komwe ring'i yoyamba imabwerera chifukwa pamenepo oilo ndi wochepa kutentha ndi kwakukulu, komanso mbali yomwe konirodi imakankhira.

A Toyota pofuna kuchepetsa kukhulana pa 1NZ sanalimbane ndi kuimika kapena kugoneka injini, anasuntha kilankishafuti mamilimita 12 kuchoka pakati pa silinda kuti konirodi ikhale yowongoka nthawi yomwe kuphulika kuli pamphamvu. Ndi pamenepo pomwe pali phindu.

Onaninso umboni wa pamsewu. Honda Super Cub ili ndi silinda yogona kuyambira 1958, ndipo pofika 2017 anali atapanga zoposa 100 miliyoni. Madizilo a silinda imodzi yogona ochokera ku China ndi amene akuyendetsa zigayo zambiri m'makomboni ndi kumidzi. Zikanakhala kuti kugona kumapha silinda anthu akanazisiya kudala.

Nanga yopingasa ndi yamulitali, iti imataya mphamvu yambiri?

Mkati mwa injini, kuyambira pisitoni mpaka fulaiwilo, palibe kusiyana koti n'kukamba. Chitsanzo chili pamsewu pathu pompano, injini ya Toyota ya 3S-FE. Mu RAV4 yakale ndi Corona ili chopingasa, mu Noah yakale ija ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 yokankha ndi matayala akumbuyo ili mulitali. Dizilo ya 2C chimodzimodzi, mu Corolla yopingasa, mu TownAce yamulitali. Mapisitoni sadziwa kuti motoka yaloza kuti.

Kusiyana kumayamba mphamvu ikatuluka pa kilachi. Injini yopingasa imazungulira mofanana ndi matayala, ndiye magiya onse mpaka ku difu ndi oyandikana mashafuti ake ali pamzere wofanana, mano amagubuduzikana bwino ndipo pa kulumana kulikonse pamatayika peresenti imodzi kapena ziwiri. Yamulitali imazungulira mbali ina matayala mbali ina, mphamvu iyenera kukhota madigiri 90 mu difu. Kukhota kumeneko kumachitika ndi kilauniwilo ndi piniyoni za mtundu wa hypoid, pomwe piniyoni imakhala pansi pang'ono pa pakati pa kilauni, ndipo mano ake samangogubuduzika, amatsetserekanso. Kutsetsereka ndiko kutentha, n'chifukwa chake difu ya Hilux imafuna oilo wake wolimba wa GL-5 wonunkha salufa uja, ndipo mukaigwira mutafika ku Kabwe mupeza yatentha. Onjezani mayunivesojointi ndi sentabering'i za pulopushafuti, ndi kulemera kwa zitsulo zonsezo zomwe motoka iyenera kunyamula.

Koma osathamangira kunena kuti yamulitali ndi yoluza paliponse. Pa giyabokosi ya manyuwo yamulitali pamakhala giya imodzi, kawirikawiri yachinayi, yomwe shafuti yolowa imalumikizidwa mwachindunji ndi yotuluka, mphamvu siidutsa pa mano alionse mpaka ku difu. Yopingasa ilibe mwayi umenewo, giya iliyonse mphamvu imadutsa pa mano. Ukaphatikiza zonse yopingasa imapambanabe, koma ndi pang'ono, si monga mmene anthu amakokomezera pa yadi pogulitsa motoka.

Ngati kusiyana ndi kochepa, n'chifukwa chani motoka zing'onozing'ono pafupifupi zonse zili ndi yopingasa?

Malo ndi mtengo. Alec Issigonis atapanga Mini mu 1959 cholinga chinali kuti anthu anayi akwane mu kamotoka kakang'ono, ndiye anapingasa injini n'kuika giyabokosi pansi pake mu sampu, chitini cha pansi pa injini momwe mumakhala oilo, zonse zikusambira oilo mmodzi. Dante Giacosa wa Fiat ndi amene anaika giyabokosi pambali pa injini ndi oilo wakewake, pa Autobianchi Primula mu 1964 kenako Fiat 128 mu 1969, ndipo umu ndi mmene Vitz yanu iliri lero. Akuluakulu amakumbukira ma Fiat omwe ankalumikizidwa ku Livingstone zaka za m'ma 1970. Kupulumutsa petulo kunabwera ngati phindu lapamwamba, makamaka chifukwa motoka inapepuka. Noah nayo itasintha mu 2001 inasiya yamulitali n'kutenga yopingasa.

Hiace ndi Rosa zimanyamula katundu kumbuyo ndipo matayala akumbuyo ndi amene amagwira msewu zikadzaza, ndiye kwa izo yamulitali ndi yoyenera olo itaye pang'ono mu difu.

Ndiye palibe pomwe kakhalidwe ka injini kamakhudza kukhulana mkati?

Palipo, ndipo ndi pa oilo. Apa kukoka kwa dziko kumasebenza zoona, chifukwa oilo akamaliza nchito kumutu kwa injini palibe pampu yomubweza, amangotsika yekha kubwerera mu sampu. Pa injini yoimirira njira ndi yosavuta, mutu uli pamwamba sampu ili pansi. Pa yogona mitu ili m'mbali pafupifupi mulingo umodzi ndi kilanki, oilo amabwerera mwaulesi ndipo pa kona yayitali atha kuunjikana mu mutu wakunja. Porsche 911 yoziziritsidwa ndi mpweya anaipangira thanki ya oilo yapadera ndi pampu yokoka oilo pansi pa injini chifukwa cha zoterezi.

Oilo akachedwa kutsika olo akachuluka pafupi ndi kilanki, kilanki imayamba kumumenya. Zili ngati mthiko mu phala, likakhala lochepa ndi lamadzimadzi dzanja limayenda, likachuluka n'kulimba phewa limamva. Kilanki ikamamenya oilo imataya mphamvu, oilo amatentha, ndipo choipa kwambiri amachita thovu, pampu n'kuyamba kutumiza mpweya ku mabering'i m'malo mwa oilo. N'chifukwa chake opanga amaika mbale yachitsulo pakati pa kilanki ndi sampu, ndi timakoma mkati mwa sampu toletsa oilo kuthamangira mbali imodzi.

Timakoma timeneti amatipanga molingana ndi mmene injini idzakhalire. Pa yamulitali oilo amathamangira kutalika kwa sampu mukaponda mabuleki olo pokwera phiri ngati Manenekela pa njira ya ku Chipata kapena potsika mapiri a ku Chirundu. Pa yopingasa amathamangira kutalika kwa sampu mukamakhota, ngati pa raundabauti ya Kabwe. Motoka ili ndi oilo wokwana sizivuta. Zimavuta oilo akatsika pansi pa chizindikiro, mumaona kanyali kofiira kakuphethira pa kona n'kuzima, ndipo nthawi yochepa imeneyo mabering'i akhula chitsulo pa chitsulo.

Ndipo chonde lekani chizolowezi chothira oilo kupitirira chizindikiro chapamwamba pa dipisitiki ati kuti injini ikhute. Zimandipweteka mtima kuona izi chifukwa munthu amachita ndi mtima wofuna kusamala motoka koma akuiwononga. Yezani motoka ili pamalo osalala, injini itazima kwa mphindi zingapo.

Injini ya V kapena yogona ili ndi zitsulo zambiri, sizikutanthauza kukhulana kwambiri?

Mbali ina inde. Subaru ya makamu awiri pamutu uliwonse ili ndi makamushafuti anayi pomwe 1NZ ili ndi awiri pa masilinda anayi omwewo, ndiye mabering'i a kamu ndi ambiri, lamba kapena tcheni ndi wautali, mapule ndi ambiri. Koma mbali ina imabweza. Injini yoimirira ya masilinda anayi ikakula imanjenjemera, ndiye monga 2AZ ya 2.4 ija ya mu Camry, Harrier ndi Alphard anaiikira mashafuti awiri oletsa kunjenjemera omwe amazungulira kawiri liwiro la kilanki, amenewo amadyanso mphamvu. Yogona siiwafuna chifukwa mapisitoni oyang'anizana amathetsana okha. V6 ili ndi mitu iwiri koma kilanki yake ndi yaifupi, mabering'i akuluakulu anayi, pomwe ya masilinda 6 pamzere ngati 1HZ ya Land Cruiser ili ndi 7.

Estima yoyamba ija ndi chitsanzo chabwino cha mtengo womwe kakhalidwe ka injini kamabweretsa panjira ina. Chifukwa injini inabisika pansi pa mipando, olutaneta, pampu ya pawa sitiyaring'i ndi kompuresa ya eyakoni anaziika kutsogolo pansi pa boneti, n'kuika shafuti ina yochoka ku injini kukaziyendetsa. Shafuti imeneyo ili ndi mabushi ake ndi mabering'i ake, ndipo ba mekaniki omwe anazigwirapo amadziwa mmene imagogodera mabushi akatha.

Forester ikamamwa kuposa Corolla musanamizire kugona kwa masilinda. Ikuyendetsa matayala onse anayi nthawi zonse, ndi yolemera, ndipo zina zili ndi tabo.

Ndikufuna kuika injini yochokera mu motoka yopingasa mu motoka yamulitali, kapena kuipendeketsa kuti ikwane. Ndiyang'ane chani?

Sampu, paipi yokokera oilo ndi dipisitiki, zitatuzi ziyendere limodzi ndipo zikhale za motoka yomwe injini ikulowamo. Olo buloko ikhale imodzi, sampu ya 3S ya mu RAV4 si ya mu Noah. Mukagula injini ya hafukati, ija yochotsedwa mu motoka yodulidwa pakati, ku masitolo a masipeya m'tauni funsani inachoka mu chani, ndipo sampu yakale musaitaye musanayerekeze. Mukapendeketsa injini mosiyana ndi mmene anaipangira, dipisitiki imayamba kunama, itha kuonetsa kuti oilo ndi wokwana pomwe kamwa ya paipi yatsala pang'ono kutuluka mu oilo, olo kuonetsa wochepa inu n'kuthira mpaka kilanki kumira. Mabowo obwezera oilo kuchoka kumutu nawonso anawaika mbali yomwe imayenera kukhala pansi.

Pa yamulitali onetsetsani kuti giyabokosi ndi piniyoni ya difu zaloza mofanana, apo ayi mayunivesojointi azisebenza mopindika, azitentha ndi kutha msanga ndipo motoka izinjenjemera pa liwiro.

Mamaunting'i akaduka zimawonjezera kumwa petulo?

Mkati mwa injini ayi. Koma injini ikagwera mbali imodzi ma CV jointi olo pulopushafuti zimasebenza pa ngodya yolakwika, ekizozi imakokeka mpaka kung'ambika, mapaipi a madzi amakhuzika. Petulo wowonjezera ndi wochepa, ndalama zimapita pa zomwe ziwonongeke pambuyo pake. Sinthani, ndi mabampu ndi maenje a nthawi ya mvula sizichedwa kukula.

Subaru yanga imatulutsa kautsi kabuluu ndikailiza m'mawa kenako kamasiya. Yatha?

Osathamanga. Pa silinda yogona oilo wotsala pakhoma satsikira ku sampu ngati pa yoimirira, amakhala pansi pa silinda ndipo pang'ono atha kudutsa maring'i usiku, makamaka mukaimika motoka mopendekera mbali imodzi. Akapsa kwa masekondi ochepa basi zatha. Ndege zakale za masilinda ozungulira ngati nyenyezi zinali ndi vuto lomweli koma lalikulu, oilo ankadzaza mu masilinda apansi mpaka asanalize ankayamba azungutsa pulopela pang'onopang'ono kuti aone ngati siikakamira. Utsi ukapitiriza injini itatentha, olo oilo akamatsika msanga pa dipisitiki, pamenepo ndiye pimitsani kompuresheni, maring'i, masilo a mavavu ndi tabo.

Nanga jenereta, pampu ya madzi ndi injini ya chigayo?

Apa ndiye kakhalidwe kali ndi mphamvu kuposa pa motoka, ndipo kuyambira malodishedi aakulu a 2024 madzi atatsika ku Kariba majenereta ang'onoang'ono adzaza m'mabarbashopu, m'masaluni ndi kwa owotcherera. Injini zambiri za mtundu wa GX160 ndi GX200 ndi zofanana nazo zilibe pampu ya oilo. Pa konirodi pali kachitsulo kotuluka komwe kamamenya oilo n'kumumwaza mkati monse, basi. Mukaika jenereta pamalo otsetsereka oilo amapita mbali imodzi, mwina kachitsulo kaja sikamufika ndipo injini ikusebenza youma, mwina kamamira kwambiri oilo n'kuyamba kutuluka ku eyakilina. Zina zili ndi sensa yozimitsa oilo akachepa, ndiye munthu amaona jenereta ikuzima yokha n'kudula waya wa sensa, pomwe vuto linali njerwa imodzi pansi pa phazi. Musadule waya umenewo.

Makina otchetchera kapinga ndi mainjini a maboti ang'onoang'ono ku Siavonga ali ndi kilanki yoimirira, kulemera kwa kilanki ndi fulaiwilo kumakhala pa bering'i yapansi ndipo anaipanga kuti inyamule zimenezo. Simungatenge injini ya shafuti yogona n'kuiimika kuti iyendetse chinthu china, oilo sangafike komwe ayenera. Pa chigayo maziko akhale a konkire owongoka ndipo malamba asamangidwe mopitirira, chifukwa lamba wokoka kwambiri amadya bering'i ya mbali ya pule.

Amayeza bwanji kukhulana kwa injini?

Njira yodziwika ndi kuzungutsa injini ndi mota yamagetsi popanda kuwotcha mafuta, oilo ndi madzi atatenthetsedwa, n'kuyeza mphamvu yomwe mota ikusebenzesa. Kenako amachotsa zinthu chimodzichimodzi, mavavu, mapisitoni, mapampu, kuti aone chilichonse chikudya zingati. Njira ina ndi kuika sensa mu silinda injini ikulira, kuwerengera mphamvu yomwe mpweya wapereka pa pisitoni, n'kuchotsapo yomwe yatuluka pa fulaiwilo, yotsalayo ndiyo yatayika. Palinso mabenchi opendeketsa injini ikulira, koma cholinga chake kwambiri ndi kuona ngati pampu ikupezabe oilo pa phiri ndi pa kona.

Oilo wolimba ngati 20W-50 si ndiye amateteza bwino, makamaka kuno kotentha?

Pa Hiace yakale ya 3L kapena 5L yomwe yayenda maulendo osawerengeka a Chawama ndi tauni, oilo wolimba pang'ono ali ndi malo ake. Koma pa 1NZ, 1KR olo 2ZR zomwe buku lake limakamba 5W-30 kapena 0W-20, mipata ya mabering'i ndi yaing'ono ndipo VVT-i, yomwe imasintha nthawi yotsegula mavavu, imasebenza ndi oilo yemweyo, mukathira 20W-50 mwawonjezera kukoka pa bering'i iliyonse ndi pa ring'i iliyonse, kuposa chilichonse chomwe kupingasa kapena kugoneka injini kungachite. M'mawa wa June ndi July kuno kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, oilo wolimba amachedwa kufika kumutu, ndipo maulendo aafupi okasiya ana kusukulu amatha injini isanatenthe n'komwe. Ena amachotsanso themositati ati motoka isamatenthe, zotsatira zake oilo amakhala wozizira nthawi yaitali ndipo kukhulana kumakhala kokwera ulendo wonse.

Ndipo chomwe chimadya masilinda kuno kwathu ndi fumbi la August mpaka October. Eyafiluta yong'ambika, olo ija yopopedwa ndi kompuresa mpaka kuboola, olo paipi ya mpweya yosamangidwa bwino pambuyo pa fyuluta, imalowetsa mchenga wosalala womwe umasakanikirana ndi oilo pa maring'i. Poisintha pukutani mkati mwa bokosi lake, ndipo mulowetse chala mu paipi yopita ku injini, chikatuluka ndi fumbi ndiye kuti pali pomwe pakudutsa mpweya wosasefedwa, pafufuzeni musanatseke boneti.